Kabedi ka Tadala kakununkha fodya

Mwaswera bwanji nonse.

Achimwene a Yohane afika masana ano kuchokera ku Nsaru atamanga kabedi ka mwana wawo Tadala panjinga. Akuti kalipentala wawatsimikizira kuti ndi ka mlombwa weniweni. Kukaona n'kokongoladi: vanishi waliwali, timatabwa totchinga m'mbali, ndi ndodo yokolekapo neti.

Koma pokapukuta ndatembenuza thabwa logonekapo matiresi. Kunsi kwake sanapakeko kanthu. Thabwalo ndi lotuwa, lili ndi mabowo akale a misomali, ndipo likununkha fodya ngati m'chigafa. Ine ndikukayikira kuti kalipentalayo anaphwasula bokosi lodindiramo fodya.

Nditawauza, achimwene aseka. "Iwe, Folomu 3 yomweyi wasanduka kale dokotala? Ndi fungo la vanishi limenelo!"

Alamu, mayi ake a Tadala, anunkhiza kamodzi. Angomutola Tadala n'kumubereka kumbuyo.

Paja mwanayu wangochira kumene chifuwa. Amalume, inu mumadinda fodya chaka chilichonse, chonde bwerani mudzanunkhize musanapite kudimba mawa. Enanu mukuti bwanji, tikabweze? Pakadali pano kabediko ndakakokera pakhonde, ndipo m'katimo mwagona mphaka.