Motoka ya Mipando Iwiri ku Matero

Motoka ija inafika kwathu ku Matero Loweruka masana, itamangidwa chingwe kumbuyo kwa lole. Amuna anga anali pa chiwongolero atavala ovololo, akumwetulira ngati akuyendetsa okha, chonsecho matayala awiri anali ophwa ndipo injini inali isanalire kwa zaka zambiri. Ndinasiya zochapa n'kuizungulira kamodzi. Inali yaifupi, yongondifika m'chiuno, ya mphuno yaitali, yopanda denga. Poyang'anitsitsa umatha kuona kuti kale inali yofiira. Mipando inali iwiri yokha, pomwe m'nyumba tinalimo anthu asanu ndi mmodzi.

Amuna anga ankakonza makina pa fakitale ina ku Indasitiriyo. Bwana wawo wachizungu, ataona kuti mkuwa wagwa mtengo ndipo zinthu zayamba kuthina, analongedza katundu kubwerera kwawo. Antchito ena anawagawira firiji, ena mipando ya pabalaza. Anga anapempha chitsulo chimene chinkachita dzimbiri kuseri kwa shedi. Nditawafunsa kuti ana anayi tiziwaika pati, anandiyankha mofatsa kuti motoka zamtundu umenewu sazipangira ana, amazipangira liwiro. Liwiro limenelo tinalidikira zaka zitatu.

Anaikhazika pa njerwa pambali pa nyumba, pamene ndinkalimapo repu. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, Mbemba wa ku Kopabeluti amene ankagulitsa tinsomba ta kapenta kumsika, anaitcha bafa. M'mawa uliwonse akamadutsa ndi dengu lake ankaima pampanda.

"Mwauka bwanji, ba neba? Bafa yanu iyenda liti?"

"Mailo," amuna anga ankayankha choncho, kutanthauza mawa, osatulutsa mutu mu boneti.

Zinali zaka zimene m'masitolo munkakhala mashelefu okhaokha. Sopo, shuga, mafuta ophikira, unga, chilichonse unkachipeza utaima pamzere, ndipo nthawi zina unkaima kaye kenako n'kufunsa wa patsogolo pako kuti akugulitsa chiyani. Tsono ngati sopo ankasowa, kuli bwanji zitsulo za motoka ya ku Ulaya? Amuna anga ankayenda wapansi mpaka ku Chawama ndi Kanyama, kusuzumira m'mipanda ya anthu kufunafuna motoka zakufa. Chimene sanachipeze ankachipanga. Gasiketi anaidula pa chikuto cha buku. Ekizozi anaipinda kuchokera ku paipi ya madzi. Nyale imodzi anaipeza pa basi yakale, motero motokayo inali ndi diso lina lalikulu, lina laling'ono. Kabuleta anaiwiritsa mumphika wanga wa nyemba kuti litsiro lichoke, ndipo kwa milungu ingapo aliyense m'nyumba ankageya petulo.

M'chaka chachiwiri fakitale inayamba kugwira masiku atatu okha pa mlungu, chifukwa zipangizo zochokera kunja zinasiya kubwera. Ndiye tsiku lina ndinaona amuna anga akubwera dzuwa lisanafike pamutu, atanyamula kapu yawo ya tiyi ndi nsapato za ntchito m'pulasitiki. Anangoti ntchito yatha. Anayala saka pansi n'kulowa kunsi kwa motoka. Masiku otsatirawo chimene ndinkaona cha amuna anga ndi mapazi okha.

Mapazi amenewo ndinawauza mawu ambiri. Ndinawauza kuti ana sadya sipanala. Ndinawauza kuti anzawo akuyenda m'makampani kufunsa ntchito. Mapaziwo ankangogwedezeka pang'ono. Koma patapita miyezi ndinayamba kuwaona anzawowo m'mawa kunja kwa thaveni, maso ofiira, ena atagulitsa kale wailesi ndi njinga. Anga ankadzuka mamawa, kumeta ndevu, kumwa tiyi wopanda shuga, n'kuyamba ntchito pa nthawi yomwe belu la fakitale linkalira. Madzulo ankatsuka masipanala n'kuwayala pansalu kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu. Ndinasiya kukangana ndi mapazi aja.

Denga la motokayo ndinasoka ine. Ntchito yanga inali yosoka mayunifolomu a ana asukulu pakhonde, ndipo ndi imene inkatidyetsa nthawi imeneyo. Iwo anabwera ndi chidutswa cha tenti ya lole n'kundipempha mwaulemu ngati mlendo. Anayeza ndi chingwe, ine n'kudula. Masingano anathyoka osawerengeka, ndipo denga loyamba linatuluka ngati chipewa cha mwana pamutu wa munthu wamkulu. Lachiwiri linakwana. Kuyambira tsiku limenelo ankanditcha ba injiniya, ndipo ndinayamba kudzipeza ndikupukuta fumbi pa boneti iwo akachokapo.

Injini inalira Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi. Amuna a mumsewu mwathu anavula majekete n'kukankha. Inatsokomola kawiri, n'kutulutsa utsi umene unadetsa zovala za anthu pazingwe, kenako inabangula. Amuna anga anayenda nayo kupitirira nyumba zinayi, mpaka mimba ya motoka inakhala pa mwala, matayala akumbuyo n'kumazungulira m'malere. Amene anaipanga sankadziwa misewu ya ku Matero mvula ikatha. Inabwerera pa njerwa miyezi ina iwiri. Amuna anga anaiika masipiring'i a vani ndi matayala okulirapo, ndipo itatsika inkaoneka ngati mtsikana amene wavala nsapato zazitali koyamba.

Tsiku la ulendo woyamba iwo anavala tayi. Ine ndinavala chitenge changa cha pa ukwati wa mng'ono wanga. Polowa ndinachita ngati ndikukhala pansi penipeni, mawondo m'mwamba. Anandichenjeza kuti chitseko ndichigwire ndi dzanja chifukwa loko anali asanamupeze, komanso kuti giya yobwerera m'mbuyo sigwira, choncho tizingopita kutsogolo. Titafika pa msewu wa tara anaponda mafuta. Mphepo inandilanda duku, ndipo nditawauza kuti aime anati mabuleki amafuna kuwadziwitsa nthawi ikadalipo. Ndinawayang'ana. Munthu amene kwa chaka chathunthu sanaseke mokweza anali akuseka mano onse pamtunda, tayi ikuuluka kumsana. Dukulo ndinalisiya.

Tikudutsa ku Mandevu tinaona lole ikutsitsa matumba a unga pa sitolo ina, anthu akungoyamba kuthamangira. Ife tinafika mzere ukadali waufupi, ndipo tinapeza thumba lalikulu limodzi. Vuto linabuka pokweza. M'buti munadzaza jeke, masipanala ndi chigubu cha madzi a rediyeta. Amuna anga anayang'ana thumba, kuyang'ana ine, n'kuliika pampando wanga bwinobwino.

"Nanga ine?" ndinafunsa.

"Ba injiniya, unga siungakwere basi wokha."

Amayi a pamzere anaseka mpaka ena kugwirana mapewa. Ndinauza amuna anga kuti achotse thumbalo pampandopo msanga. Ndinakhala pampando, iwo n'kundisanjika unga pamiyendo. Njira yonse sindinaone kanthu kupatula saka, ndipo ndinafika kunyumba nditayera ngati ndachokera kuchigayo.

Ntchito ya pafakitale sanaipezenso. Koma madalaivala a maminibasi amene anaiona motokayo ikuyenda anayamba kufunsa kuti anaidzutsa ndani, ndipo posakhalitsa pakhomo pathu panadzaza magalimoto odwala. Chimene chinkasowa m'sitolo, iwo ankachisula.

Chaka chotsatira anaganiza zondiphunzitsa kuyendetsa. Tinapita pa bwalo la mpira la sukulu, ana atatsekera. Anandionetsa kilachi ndi magiya, kenako anatsika kuti azindilozera ali panja. Ndinazungulira bwalolo kawiri bwinobwino. Kachitatu ndinaiwala phazi loyenera, ndipo ndinakagunda mtengo wa golo. Ndinawaona akuthamanga, nkhope itasintha, mtima wanga n'kufewa. Anandidutsa, n'kukagwada kutsogolo kwa motoka, kusisita bampala ndi chikhatho. Atakhutira kuti yangopindika pang'ono, anadzutsa mutu n'kundifunsa ngati ndapweteka.