Dzina la Tabela ya ku Cateme

Zaka zimene malasha anakokera aliyense ku Moatize, inenso ndinatsika kuchokera kwathu ku Zóbuè, koma osati kukakumba. Ndinali ndi kachipinda kuseri kwa msika kokonzeramo makompyuta, fumbi lakuda mpaka m'mphuno. Ndinapanganso pulogalamu yosungira mayina a mamembala a timabungwe, ndipo bungwe lililonse linkatcha lokha dzina la tabela yake, mndandanda wa mamembala ake mu kompyuta.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wa ku Cateme, mlembi wa alimi amene anasamutsidwa kuchokera ku Mithete, minda yawo itatengedwa ndi a mgodi wa malasha. Pamsonkhano anali atagwirizana kuti tabela yawo ikhale "Natural", mawu a Chipwitikizi a pa bilyete, chiphaso cha boma, osonyeza kumene munthu anabadwira. Loweruka amayenera kukawaonetsa.

Tinalemba dzinalo, makina anakana. Tinalembanso, anakananso.

Chifukwa chake ndinachidziwa. Pulogalamu yosunga matabela ili ndi mawu akeake olamulira ntchito, ndipo siilola kuti munthu atchulire chinthu china mawu amenewo. Awa anali m'gulu lomwelo.

"Amayi, dzinali lili ndi mwini kale. Sankhani lina, mayina ali mbwee."

"Mwini wake ndani?"

"Makinawa."

Anandiyang'ana kaye.

"Achimwene, za munda uja a mgodi anatiuzanso choncho. Ndikabwerera ndi dzina lina, akati ndadya za eni. Anthu aja sakhulupiriranso chinthu chosinthidwira m'tauni."

Kunena zoona ndinanyansidwa. Dzina la tabela lokha, nkhani yonseyi! Anzanga ena amangomata kachilembo kutsogolo kwa dzina mwakachetechete, basi yatha. Ndinaganizako zimenezo, koma mayiwo amawerenga, ndipo mawu awo a munda aja anali atandilasa.

Njira ina inalipo, yotopetsa. Ukatsekera dzina m'timizere tiwiri, ta mawu ogwidwa tija, makina amaleka kuliona ngati lamulo. Koma umayenera kutero paliponse pamene pulogalamu ikutchula tabela, ukaiwala pamodzi zonse zaima. Ndinafufuza mzere ndi mzere masana onse, thukuta kamukamu. Mayiwo anakhala pa kireti ya zakumwa, machapa, maminibasi a ku Cateme, akuwasiya, osadandaula.

Dzuwa litapendeka tinalembanso, dzina linalowa. Mayiwo sanathokoze msanga. Anayamba kutchula mamembala, ine ndikulemba, ndipo woyamba anali mwamuna wawo.

"Bambowa amalima mbali iti?" ndinafunsa.

"Anatisiya tisanasamuke. Manda awo tinasamuka nawo."

"Nanga alowenso muno?"

"Anabadwira ku Mithete komweko. Lembani."