Malaya a Dzanja Limodzi

Anthu a mumsewu wonse ankawatchula kuti Mayi Tiione, ndipo dzinali linachokera pakamwa pawo pomwe. Ukapita ndi chovala kushopu kwawo, kachipinda kopanikizika pakati pa ometa tsitsi ndi okonza mafoni, sankathamangira sizasi. Ankachiyala patebulo, n'kuchitembenuza, n'kunena kuti, "Tiione kaye." Kenako zii, maso pansalu, mapini ali kukamwa.

Amuna awo, dalaivala wa malole, khalidweli linkawatopetsa, pakuti iwo anali munthu waphuma. "Inu mayi, ngakhale nyumba itayaka moto mudzati tiione kaye," ankatero. Mayiwo ankangoseka: "Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo."

Ndiye kunabwera sitiroko. Bamboyo anatuluka m'chipatala akuyenda ndithu, mokoka mwendo pang'ono, koma dzanja lamanja litafa. Atafika kunyumba analowa kuchipinda, osafunanso kutuluka. Anzawo akabwera, ankauza ana kuti akanene kuti agona. Adokotala anali atachenjeza kuti akapanda kumayenda, mwendowo nawonso uuma. Bamboyo ankadziwa zimenezo, komabe ankangokhala pabedi atafunda bulangeti, thupi likunka litha.

Abale anabwera ndi nzeru zawo. Mchimwene wawo anagula ndodo. Mwana wawo wamkazi anabwereka njinga ya olumala. Alamu anati vuto ndi masitepe a pakhomo, mpaka anawagumula. Bamboyo ankathokoza n'kutembenukira kukhoma. Chimene chinkawadya mumtima sakanatha kuchitchula, chifukwa chinali chaching'ono mochititsa manyazi.

Mayi Tiione sanagule kanthu, ankangoyang'ana. Tsiku lina anakhala m'mphepete mwa bedi.

"Bambo a ana, ndakhala ndikuganiza. Kubafa mumapita nokha, ndiye si mwendo. Pafoni mumacheza ndi anzanu mpaka kuseka, ndiye anthu simunadane nawo. Munasiya kutuluka tsiku lija mwana anakumangani mabatani a malaya alendo ali pabalaza. Ndanama?"

Bamboyo anayankha kuti, "Ine amene ndinkamasula matayala a lole, lero ndizivekedwa ngati khanda?"

"Basi, nsonga ya ulusi tayipeza. Ulusi wopotana ukangoukoka, umalimbitsa mfundo."

Kupeza nsonga si kumasula. Mayiwo anayamba ndi mabatani akuluakulu. Bamboyo analimbana nawo mpaka thukuta, n'kuponyera malayawo pakona. Mayiwo anayesa zipi, koma zipi kuti igwirane pansi imafuna manja awiri. Apo bamboyo analusa, nati awasiye, iwo si chidole choyeserapo zovala. Mayiwo anatola malayawo osakwiya n'komwe. "Cholakwa ndi changa," anatero. "Ndikuganiza ngati munthu wa manja awiri."

Zimene zinatsatira bamboyo anazimva kwa ana. Akuti mayi awo ankapisa dzanja lamanja m'thumba la epuloni n'kumayesa kuvala malaya achimuna ndi lamanzere lokha, kuvula, kuvalanso, anyamata ometa tsitsi akufa ndi phwete pakhomo. Pa kuyesako m'pamene anazindikira kuti ankadzifunsa funso lolakwika. Iwo ankafunsa kuti munthu angamange bwanji mabatani ndi dzanja limodzi, pamene funso linali lakuti, amangirenji?

Anasoka kutsogolo kwa malaya kuchokera pansi mpaka pachifuwa, mabatani n'kuwasiya m'malo mwake ngati omangidwa kale. M'mbali anawonjezera nsalu kuti mapewa azidutsa, ndipo m'chiuno mwa thalauza anaikamo lasitiki. M'mawa wina zovalazo anaziyala pampando. "Muyambe kulowetsa dzanja lodwalalo, mutu pambuyo," anatero, n'kunyamuka ulendo wa kushopu.

Bamboyo anaziyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayesa. Mutu unakodwa, anatukwana pang'ono, n'kuyambiranso. Ataima pagalasi anaona dalaivala uja, wowonda, koma mabatani ali ndondondo mpaka pansi. Analira, ndipo sanachite nako manyazi kulirako. Anakumbukira zaka zonse zimene ankaseka zii wa mkazi wawo, osadziwa kuti mkati mwa ziiyo munkachitika ntchito.

Anatenga ndodo ya mchimwene wawo ija, n'kutuluka. Msewu unali utatalika kuposa mmene anausiyira, ndipo anapuma kangapo asanafike. Mayi Tiione atawaona pakhomo la shopu anaimitsa makina, n'kuchotsa mapini kukamwa.

"Mayi," anatero bamboyo, "zikomo."

Mayiwo anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Kolala yapindika," anatero. Dzanja lawo linanyamuka mwa chizolowezi, koma analibweza n'kulipisa m'thumba la epuloni. Anadikira mpaka amuna awo atayikonza okha.