Mabuleki a bai Racho

Mudzi wonse unkadziwa kuti bai Racho, monga timawatchulira abambo achikulire kuno, akutsika mtunda wa kutchalitchi iwo asanaoneke n'komwe. Kunkayamba kumveka kwiiii, ngati nkhumba yogwidwa mwendo Khirisimasi itayandikira, agalu n'kuyamba kuuwa, kenaka n'kutulukira chigalimoto chimene kale chinali choyera koma tsopano chinkafanana ndi mano a munthu wosuta fodya. Eni ake ankachitchula kuti kempa. Munali bedi, kambaula, ndi kachimbudzi kamene sikanagwirepo ntchito chichokere ku Germany.

A Racho anakalambira pachiwongolero. Unyamata wonse anauthera m'mathiraki, kunyamula tomato ndi matabwa a eni kupita nazo kumayiko amene sanawaone bwinobwino, poti dalaivala amangoona msewu ndi mzere wa pamalire. Msana unapindika, bondo lakumanzere linatha ndi kilatchi. Atapuma pantchito, anthu anati tsopano mkuluyu akhala pansi azidulira mphesa. Iwo n'kukagula kempa. Munthu wotopa ndi msewu kukagula nyumba ya matayala! Ankati akufuna kukawaonetsa nyanja akazi awo, a Tsonka.

A Tsonka sanakweremo. Chaka choyamba anati mbuzi zitsala ndi yani, chachiwiri anati tsabola akudikira kuikidwa m'mabotolo, kenaka mawondo anayamba ndipo nkhani ya nyanja inafera pomwepo. Mayiwa sanali a mawu okoma. Zaka zonse za mathiraki sananenepo kuti muyende bwino. Ankangotuluka ndi kamtsuko ka mkuwa, n'kuthira madzi kutsogolo kwa galimoto monga amachitira aliyense kuno munthu akamanyamuka, kuti ulendo uyende ngati madzi, n'kubwerera m'nyumba akudandaula za matope a pakhomo.

Kempa inkangokhala pabwalo, pansi pa mphesa. Mafuta anali atakwera, ndiye ulendo weniweni unali wa apo ndi apo, kupita kudamu kukawedza nsomba zimene sizinkafuna kuwedzedwa. Koma m'mawa uliwonse a Racho ankakweramo, n'kuliza injini ati kuti batire lisafe, n'kutsegula wailesi, n'kukhala phee manja ali pachiwongolero. Akamaona mpango wa a Tsonka ukudutsa m'munsi mwa galasi sankauganizira n'komwe, monga momwe munthu saganizira mphuno yake. Ikatha nyimbo imodzi kapena ziwiri ankazimitsa, n'kutsika ngati munthu wochokera kutali.

Kulira kwa mabuleki kutanyanya, anapita nayo kutauni kwa Lyubcho makaniko.

"Bai Racho, ndinakumvani mukadali pamlatho," anatero Lyubcho akupukuta manja. "Ndimayesa ambulansi."

"Seka bwino, mwana iwe. Galimoto ya bambo ako ndinkaikoka ndi chingwe Lolemba lililonse."

"N'chifukwa chake ndinaphunzira umakaniko, bai."

Pagalaja panali podzaza, ndipo Lyubcho sanachotse n'komwe tayala. Anangoizungulira kempayo, n'kumenya tayala limodzi ndi nsapato, n'kupukusa mutu ngati dokotala amene wapeza kuti wodwala anamwalira kale.

"Zaka zake zimenezi, n'zonse. Mapadi a mabuleki, madisiki ake, mwinanso mapaipi. Zipangizo zake n'zochita kuitanitsa. Kapena muigulitse kwa anthu oyika maliro, kulirako aziyesa achibale."

Kenaka Lyubcho anatchula mtengo. Unali mtengo wa nkhuni za nyengo yonse yachisanu, ndi kakenakake pamwamba.

Kunyumba a Tsonka anamvetsera akusenda tsabola wowotcha, osadzutsa mutu.

"Ndiye usankhe, nkhalamba iwe. Chipale chofewa chikagwa tizidzasonkha matayala?"

"Sindinati ndikonzetsa."

"Sunatinso ugulitsa. Wangokhala ngati thumba la mbatata."

"Ndikuganiza, mayi iwe."

"Uyambe lero? Ukadayamba tsiku lija unakagula chimbudzi choyenda."

Anaganizadi, sabata yathunthu. Akakonzetsa, m'nyumba mudzazizira, ndipo mawondo a a Tsonka ndi chisanu n'zosamwerana madzi. Kuyenda nayo chomwecho sakanatha. Mtunda wa kutchalitchi umathera podikirira basi pamene pamaima anthu, ndipo pazaka zawo za pamsewu anaonapo zimene mabuleki amachita akatopa. Zimenezo sankazisimba ngakhale atamwa. Koma akagulitsa, m'mawa azikakhala kuti? Pabenchi pa sitolo, pamene nkhalamba zinzawo zimapikisana kuti ndani ali ndi shuga wambiri? Ankati akafika pamenepo mutu unkawalemera, n'kupita kukagona masana.

Woti agule analipo. Pencho, mnansi wawo woweta njuchi, ankaifuna kuti akaiimike kumunda kumene kuli ming'oma yake, azibisalamo mvula.

"Ine mabuleki ndilibe nawo ntchito, Racho," anatero Pencho ataima pampanda. "Ikakafika kumeneko ndichotsa matayala, ndiika pamiyala. Ipume. Nawenso upume."

"Unene kuti ukufuna pobisalira mkazi wako."

"Nanga iwe umachita nayo chiyani?"

 A Racho anangoti abwere Loweruka.

Loweruka m'mawa Pencho anafika ndi botolo la rakiya, kachasu wathu wa mphesa, loti amwere malonda. Anati ayambe wamva injini. A Racho anamupatsa kiyi, iwo n'kutsala panja, manja m'thumba. Chigulireni kempayo anali asanaimepo panja injini ikulira. Inkamveka mwachilendo, ngati mawu ako omwe ukawamva pa lamya.

Chitseko cha m'nyumba chinatseguka. A Tsonka anatuluka ndi kamtsuko ka mkuwa, akukoka mwendo, osayang'ana n'komwe kuti pachiwongolero pali ndani. Kale madzi aja ankawaponya patali, phwaa, kutsogolo kwa galimoto mpaka kuchipata. Tsopano mkono sunkakwera. Anafika pakona yakumanzere, n'kutsamira galimoto ndi dzanja limodzi kuti asagwe, n'kupendeketsa kamtsuko pomwepo. Madzi onse analowa m'mabowo a limu, chitsulo chija chovala tayala, chuuu, mpaka m'kati mwa tayala. Amene anatsikira pansi anali ofiira.

A Racho anagwada, bondo likulira kuposa mabuleki. Anasuzumira. Disiki ya mabuleki ya tayala limenelo inali psuu ndi dzimbiri. Anakwawira kutayala linalo: yoyera, mapadi akadali ndi nyama. Anabwereranso. Nako kumanzere mapadi anali asanathe, koma chitsulocho chinkamwa madzi m'mawa uliwonse n'kutsala chiimire osauma. Dalaivala wa zaka zonsezi, kukafunsa mwana wa eni kutauni, osagwada pakhomo pake!

"Ukufuna chiyani pansipo? Wataya mano?" anafunsa a Tsonka.

"Mayi iwe, madziwa umathira masiku onse?"

"Nanga ukaliza injini ndidziwa bwanji ngati ukupita kapena ukungowononga mafuta? Umandiuza? Tsiku limene ndidzasiye ndi limene udzapitedi."

Atatero anakweza maso, n'kuona Pencho akumwetulira pagalasi.

"Aa! Ndiye ndathirira Pencho? Madzi anga abwino!"

Mawu anali atafika kale pakamwa pa a Racho. Zaka zonse za ukwati anali asanapambanepo mlandu m'nyumba muja, ndipo uwu unali wawo, umboni uli poyera, wofiira. Akanangoti, waona, ndiwe wawononga. Koma ankawadziwa akazi awo. Sakanatsutsa. Akanangoika kamtsuko pashelefu, osadzakagwiranso mpaka imfa. A Racho anayang'ana dzanja lija lili chitsamire pagalimoto, zala zopindika, n'kumeza mawuwo. Anali owawa kuposa rakiya wa Pencho.

"Tsika, Pencho," anatero akudzuka movutikira. "Sindikugulitsa."

"Iwe, tinapangana! Ndabwera ndi botolo."

"Botololo lisiye, talimva kale fungo. Njuchi zako zigulire ambulera."

"Ndiye nkhuni?" anafunsa a Tsonka, maso ali gwa.

"Nkhuni tigula. Kwa Lyubcho sindipitako."

"Nanga kulirako?"

"Ndi ukalamba chabe. Iwe ukamadzuka pampando sulira?"

Pencho anapita akutukwana, botolo analisiya. A Racho anakwera, n'kutuluka pachipata, n'kuyenda msewu wa kumanda umene ndi wathyathyathya, akuponda mabuleki pang'onopang'ono, kusiya, kupondanso. Poyamba kunali kwiiii, kenaka kwii, pofika kumunda wa mpendadzuwa kunali zii. Anaima pambali pa msewu, n'kukhala nthawi ndithu osatsegula wailesi.

Kuyambira tsiku limenelo, akaliza injini ayenera kupitadi. Madzi akathiridwa, amatuluka, kuzungulira kumanda, kudutsa kusitolo, kubwerera chakutchalitchi, kuti chitsulo chiume. Anayesapo kuimika galimoto chobwerera kuti mayiwo asalifikire tayala lija, koma a Tsonka anazungulira nayo, n'kukatsamira pakona yomweyo. Mafuta amene amathera paulendo wopanda kopitawu, akuti Pencho, pofika chaka chamawa adzakhala atakwana madisiki atsopano. A Racho amadziwa zimenezo. Anaziwerengera okha, n'kutopa nazo.

Dzulo a Tsonka anawaimitsa pachipata, kamtsuko kali m'manja kopanda kanthu.

"Masiku ano ukuyenda kwambiri, nkhalamba iwe. Uli ndi chibwenzi kumanda?"

"Ndikukaona malo."

"Pobwera ugule buledi. Ndipo usandipondere matopewa."