Mfuti inali bwino, gwape ndiye anachepa

Alamu anga a Mbewe, lero ndili m'basi yochokera ku Wigston kuno kudziko la eni, kagwape kadumpha msewu, ndipo ndaseka ndekha mpaka azungu kutembenuka. Ndakumbuka tsiku lija munanditengera ku famu ya mnzanu wachizungu kukasaka. Ndinali nditalonjeza mkazi wanga, mlongo wanu uja, nyama ya Khirisimasi, iyenso ataitana kale manesi anzake. Mwini famu atatulutsa mfuti ziwiri, inu munati, "Alamu, tengani ya 243, agwape akuno ndi msinkhu wa galu. Ya 308 iyo ndi ya nyama zikuluzikulu." Ine ndinati, "Manambalawo mukawauze a kusukulu. Ine ndinakula ndi mfuti ya gogodela, mfuti imadziwika ndi kulira kwake. Ndipatseni yaikuluyo." Inaliradi. Phewa langa linatsala pang'ono kukafika ku Nottingham, ndipo pa gwapeyo chooneka bwino chinali makutu okha. Munaseka mpaka kukhala pansi m'matope, mukuti, "Alamu, manesi aja akadya makutu?" Kenako munapha wanu ndi kamfuti kanu kaja, koma titafika kunyumba munaloza ine n'kunena kuti, "Mlenje ndi uyu, ine ndimangonyamula."

Papita chaka chimwalirireni inu, koma musaganize kuti ndasintha maganizo. Mfuti inali bwino, gwape ndiye anachepa. Kungoti kukazizira phewa lija limawawabe, ndipo mlongo wanu akabwera ndi mankhwala opaka ndimakana. Ndimati lisiye, ndi alamu awa, abwera kudzandiseka.