Kompyuta Yofunda Bulangeti

Ndisanayambe nditchule mboni, chifukwa anthu a kuno ku Chawama amanena kuti ndimathira mchere nkhani. Mboni yoyamba ndi mkazi wanga, amene chikwatiranire sanandivomerepo bodza, ngakhale lomuthandiza iye mwini. Yachiwiri ndi ba landilodi, mayi wa ku Kopala amene mita ya magetsi ya puloti yonse ili kuchipinda kwake. Yachitatu ndi mlamu wanga, woyendetsa minibasi. Yachinayi ndi bambo wina wa ku Matero, wokonza makompyuta. Panali munthu wachisanu, azakhali a mkazi wanga, koma iwo sindiwawerengera chifukwa pa nthawi yofunikayo anali atatsinzina.

Kompyutayo ndinagula kwa bambo wa ku Matero uja, kuti ndizitaipira anthu makalata ndi kusindikiza makadi a ukwati m'kachipinda kathu kakutsogolo. Pondipatsa anaisisita pamwamba n'kunena kuti, "Mudala, iyi naichita ovakiloko." Nditafunsa, anati kufakitale anaipangira liwiro lake, koma iye anaiuza kuti izithamanga kupitirira pamenepo. Sananame. Ikadzuka inkauluka. Kalata inkatha mwini wake asanadziwe chimene akufuna kunena.

Vuto linali kudzukako. Madzulo aliwonse ba landilodi ankatsitsa switchi yaikulu kuti mayuniti asathe, ndipo ankaikweza m'mawa. Ndiye tsiku lililonse kompyuta inkayambira pansi penipeni, ngati sinandionepo. Ndikadina batani, mafani ake ankalira ngati chigayo, sikirini ili bii. Kenako zii, yazima. Yokha n'kuyakanso, n'kuzimanso. Ine n'kudinanso. Kwathu kuno chinthu chikapanda kuyankha timachidinanso: wailesi, foni, ngakhale kondakitala amene waiwala chenji. Sindinaganizepo kuti pangakhale njira ina.

Inkatenga nthawi yaitali bwanji? Mkazi wanga anatereka nyemba nditangodina koyamba, ndipo zinapsa isanayake. Tsiku lina ndinameta ndevu podikira, ndipo pamene inkayaka ndinafunika kumetanso. Bambo wina anabwera kudzataipitsa kalata yofunsira ntchito, pochoka anali akufunsa za penshoni. Zonsezi ndi zoona, mboni zilipo.

Ndinaimbira foni wa ku Matero. Anati ikazimitsidwa pakhoma, m'mawa imayamba yadziyesa yokha ngati memori yake ingapirire liwiro limene anaipatsa, ndipo imazima n'kuyaka kangapo. "Muisiye chabe, mudala," anatero. Mawu amenewo ndinawadziwa. Ndi amene okonza zinthu amanena akafuna kusunga ndalama ya basi.

Amene anandithandiza ndi mlamu wanga. Unali mwezi wa Juni, kuzizira kwa Lusaka kolowa m'mano kuja. Anaima pakhomo, kumvetsera mafani, n'kugwedeza mutu.

"Ba mlamu, iyi ni dizilo," anatero. "Yamvera mphepo. Basi yanga nayo ichita so. Ifunditseni."

Ndinatenga bulangeti la mkazi wanga, lolemera lija la chithunzi cha kambuku. M'mawa mwake ndinadina batani, n'kuifunditsa yonse mpaka pansi, n'kupita kukasamba. Pobwera ndinapeza yayaka, ikundidikira. Mawa lake chimodzimodzi. Juni anatha, Okutobala anafika ndi dzuwa losungunula malata, ndinachotsa bulangeti, inakana. Ndinadina kasanu ndi kawiri. Nditabweza bulangeti inayaka. Mlamu anati yazolowera, monga mwana wozolowera kubelekedwa. Ine sindinamvetse kuti makina angamve bwanji mphepo mu Okutobala, koma munthu sutsutsana ndi chimene chikukudyetsa.

Kenako apongozi anga aamuna anamwalira, ku komboni ya George. Pamaliro akamwini amapatsidwa ntchito. Wina anauzidwa zopeza nkhuni, wina lole, wina kabichi. Ine akuluakulu anandiyang'ana nthawi yaitali. Kubanjako ndinkadziwika ngati mkamwini amene amakhala pampando tsiku lonse kuonera TV yopanda mafilimu. Pomaliza anati ndipange pulogalamu ya maliro, yokhala ndi chithunzi. Chithunzi chabwino cha malemu chinali chimodzi chokha, chimene ndinawajambula pa ukwati wathu atavala jekete yobwereka. Foni imene inajambula inatayika kalekale. Chithunzicho chinatsala m'kompyuta basi.

Ndinataipa zonse dzulo lake, kungotsala kuti azakhali adzaone ngati mayina a olankhula ali m'ndondomeko yoyenera, chifukwa kuika mng'ono patsogolo pa mkulu kumayambitsa maliro ena. Sabata imeneyo magetsi ankathima eyiti koloko m'mawa n'kubwera usiku. Tsiku loika maliro, thupi linkanyamuka masana.

M'mawa ba landilodi atakweza switchi, ndinatambasula dzanja kuti nditenge bulangeti. Panalibe. Mkazi wanga anali atapita nalo kunyumba ya maliro, kumene amayi ankagona pansi.

Ndinadina. Chigayo, bii, zii. Ndinadinanso.

Cha m'ma seveni minibasi inaima panja. Analowa mlamu, azakhali ndi mkazi wanga, maso ali psuu. Bulangeti sanabwere nalo, ankati afunda agogo ena a ku Chipata ndipo palibe amene akanalimba mtima kuwavundukula.

"Ikalibe kuuka?" anafunsa mlamu. Anavula jekete n'kuifunditsa. Jeketeyo inali yaifupi, batani linatsala poyera. Analidina.

"Nadina kale," ndinatero.

"Mwadina monga muopa. Idinidwa so." Anadinanso.

Ba landilodi anamva phokoso n'kubwera, chitenje chili m'chifuwa. "Imwe, ichi chinthu chidya mayuniti yanga chabe. Fumaniponi." Tinawapatsa malo, nawonso anadina, ndi chala chachikulu, mokanikiza ngati akupha nsikidzi. Mlamu anati tibweretse mbaula pafupi. Ba landilodi anati mbaula ikalowa m'nyumba yawo, ife tituluke ndi katundu. Foni ya wa ku Matero inali yozima. Ndinayang'ana wotchi, inali itadutsa hafu.

Mkazi wanga sanadine. Anakhala pa benchi ya makasitomala n'kunena motsitsa mawu, osandiyang'ana, "Atate ali m'menemo."

Mlamu anadinanso, koma mofatsa.

Apa azakhali anaika chikwama pansi. Ndi mayi wa chigwirizano kutchalitchi kwawo, ndipo sapemphera mothamanga. "Tigwirane manja," anatero. Tinapanga bwalo mozungulira tebulo. Dzanja langa lamanja linagwidwa ndi mlamu, lamanzere ndi ba landilodi, amene amagwira ngati pulayazi.

Azakhali anayambira pa kulengedwa kwa dziko. Mafani analira, n'kuzima. Chala changa chinayamba kuyabwa, ndinayesa kuchisolola, ba landilodi anafinya. Mafani analiranso, n'kuzimanso. Mlamu nayenso ankafuna kudina. Azakhali anali atafika pa kuwoloka nyanja. Kachitatu mafani analira, koma sanazime. Kunamveka kakulira kamodzi kakang'ono. Ndinatsegula diso limodzi. Sikirini inali itayaka.

Tsopano vuto linasintha. Kompyuta yadzuka, koma pemphero silinathe, ndipo munthu sutaya dzanja la mnzako Amen asananenedwe, makamaka iwe mkamwini, pa tsiku loika apongozi. Azakhali anali akupempherera madalaivala onse a mumsewu wa Kafue, mmodzimmodzi. Wotchi inkayenda. Ndinatsokomola. Anawonjezapo odwala chifuwa.

Anatipulumutsa ndi mkazi wanga. Azakhali atangoima kuti akoke mpweya, iye anati, "Amen," mokweza, ngati akutseka chitseko. Tonse tinavomera msangamsanga. Azakhali anatsegula maso, kuyang'ana mwana wa mchimwene wawo, kenako sikirini, pamene malemu ankamwetulira mu jekete yobwereka ija. Anavala magalasi, n'kundiuza kuti ndaika amalume aang'ono patsogolo pa aakulu.

Ndinakonza, pirinta inayamba. Magetsi anathima pepala lomaliza lili pakamwa pake, chithunzi chitatuluka kuyambira pachipewa kufika pamphuno. Mapepala enawo anakwanira. Kumanda ndinaona amayi akuwapinda bwinobwino n'kuika m'Baibulo, ndipo mkulu wina wa kubanjako, amene kale ankandipatsa moni ndi chibwano, anandigwira chanza ndi manja awiri. Pepala lathekalo mkazi wanga analisunga, lili m'sutikesi mpaka lero.

Patapita masiku ndinakwera basi kupita ku Matero kukafotokoza zonse. Bambo uja anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Bulangeti inali kubisa batani," anatero. "Pemphero inagwira manja yanu. Ninakuuzani kuti muisiye chabe. Mukadina pakati, iyambilanso."

Anati ngati ndikufuna angachotse ovakiloko, izidzuka msanga koma iziyenda ngati zinzake. Ndinakana, sindikudziwa chifukwa chake. Anatinso bulangeti lidzaipsereza tsiku lina.

Mlamu nditamuuza anaseka. Anati munthu amene sanalizepo dizilo mu Juni asamalankhule za mphepo. Azakhali anafotokoza kale nkhaniyi kutchalitchi ngati umboni, ndipo anthu awiri anabweretsa mafoni akufa kuti awaike manja. Ba landilodi amati inayaka chifukwa iwo anaidina bwino, inangochedwa kumva.

Aliyense mwa anthu amenewa akamalankhula ndimamukhulupirira, mpaka atabwera winayo. Ndiye m'mawa uliwonse ndimadina kamodzi, ndimaifunditsa kambuku, ndimanena kapemphero kakafupi, n'kutuluka panja manja ali m'thumba. Ikayaka ndimachotsa bulangeti msanga. Mkazi wanga anandifunsa kuti pa zinthu zonsezi chimene chimagwira ntchito ndi chiti, kuti mwina atengeko bulangeti lake. Ndinamuuza kuti ndikufufuzabe. Anagula lina.