Nsomba pa Diresi ya Ba Ruth

Mafakitale atangoyamba kufuka utsi mu Kafue, ife azimayi a m'dera la Estates tinkaphunzira kusoka kutchalitchi cha Menonaiti. Ankatiphunzitsa ndi Ba Ruth, mzungu wa ku Canada amene ankavutikira kuphunzira Chinyanja. Tsiku lina anamasula msoko wanga pamaso pa anzanga, ati wakhota. Ndinawasungira chakukhosi.

Atagula chitenge cha nsomba zikuluzikulu, anandipempha kuti ndiwadulire diresi. Ndinayeza mosamala kuti nsomba yoyasama igwere pamatako penipeni.

"Ili bwanji?" anandifunsa atavala.

"Mwawala, Ba Ruth!"

Pa Sondo m'tchalitchi, atavala diresiyo, anagwada kutsogolo atatifulatira, n'kuyamba pemphero lawo loyamba la m'Chinyanja. Akati awerame, nsomba inkayasamula. Mabenchi anagwedezeka ndi phwete, ine ndikuluma duku. Ndinawamva akuti, "Ambuye, zikomo pondipatsa mnzanga Esinati."

Titatuluka anandigwira dzanja, maso ali psuu.

"Esinati, aseka chani? Nalakwitsa mawu?"

Apa m'pamene ndikanaulula. Koma ndinangoti, "Pang'ono chabe, muzazolowera."

Sanapempherenso m'Chinyanja mpaka anabwerera kwawo. Diresiyo ankaivalabe.